Dziko limodzi, maboma ambiri: mafunso ndi mayankho pa ndale za ku India

Dziko la India lili ndi anthu opitirira 1.4 biliyoni, zilankhulo 22 zovomerezeka m'malamulo ake, zipembedzo zingapo zikuluzikulu, komanso umphawi umene m'maiko ena wakhala chifukwa choti asilikali alande boma. Kumeneko asilikali sanalandepo boma chilandirireni ufulu mu 1947. Ambiri amati chinsinsi chake ndi malamulo oyendetsera dziko amene anagawa mphamvu pakati pa likulu, Delhi, ndi zigawo. Ine ndikuona kuti malamulowo ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo lili m'manja mwa ovota ndi zipani zimene iwo amazikweza kwawo.

Kodi amalamulira ndani: pulezidenti kapena nduna yaikulu?

Nduna yaikulu. Pulezidenti alipo, ndipo kuyambira 2022 ndi Droupadi Murmu, koma sasankhidwa ndi anthu wamba. Amasankhidwa ndi aphungu a ku Delhi pamodzi ndi a m'zigawo, ndipo pafupifupi chilichonse amachita motsatira zimene nduna zamuuza. Munthu akapita kukavota amasankha phungu wa dera lake basi. Nduna yaikulu Narendra Modi mwiniwake amaimira dera la Varanasi. Nyumba ya Malamulo yotchedwa Lok Sabha ili ndi mipando 543, ndipo amene angasonkhanitse aphungu 272 ndiye amapanga boma. Tsiku limene aphunguwo amuthawa, boma lagwa, ngakhale zaka zisanu zisanakwane.

Palinso nyumba yachiwiri, Rajya Sabha, ya mamembala 245. Mamembala 12 amaikidwa ndi pulezidenti, otsalawo amasankhidwa ndi aphungu a m'zigawo. Choncho chipani chimene chagonja m'zigawo zambiri chimavutika kudutsitsa mabilu ku Delhi, ngakhale chitadzaza Lok Sabha.

Nanga zigawo zili ndi mphamvu zanji?

Zigawo zilipo 28, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo, nduna zake ndi nduna yaikulu yake. Palinso madera 8 amene ali pansi pa boma lalikulu, ngakhale ena mwa iwo, monga mzinda wa Delhi, ali ndi nyumba zawo za malamulo. Malamulo oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, anagawa ntchito m'mindandanda itatu. Asilikali, ubale ndi maiko ena, njanji ndi ndalama ya dziko ndi za Delhi. Apolisi, malo, ulimi ndi zipatala ndi za zigawo. Mndandanda wachitatu ndi wa zinthu zimene onse awiri angapangire malamulo, monga maukwati, nkhalango ndi maphunziro, ndipo pakakhala kusemphana lamulo la Delhi ndilo limaima.

Tayang'anani bwino mndandanda wachiwiriwo. Mlimi wa ku Bihar akamakangana ndi mnansi wake za malire a munda, akamaimitsidwa ndi wapolisi, akamadikira mankhwala kuchipatala, boma limene akukumana nalo ndi la ku Patna, osati la ku Delhi. Ndipo zina mwa zigawozi ndi zazikulu kuposa maiko ambiri: pa kalembera wa 2011 Uttar Pradesh yokha inali ndi anthu pafupifupi 200 miliyoni.

Ndiye kuti Delhi ndi zigawo mphamvu zawo n'zofanana?

Ayi, kutalitali. Amene analemba malamulowo, motsogozedwa ndi B.R. Ambedkar, ankalemba dziko likuyaka moto. Pakistan anali atangopatuka, anthu zikwi mazanamazana atafa, mamiliyoni akusamuka, ndipo panali maufumu opitirira 500 amene Vallabhbhai Patel ankawanyengerera kapena kuwakakamiza kulowa m'dziko latsopanolo. Mantha awo aakulu anali kugawikana kwina, ndiye anapendekera ku likulu. Nyumba ya Malamulo ya ku Delhi ingathe kudula chigawo pawiri, kusintha malire ake kapena dzina lake, ndipo chigawocho chimangofunsidwa maganizo, sichingakane. Bwanamkubwa wa chigawo chilichonse amatumizidwa kuchokera ku Delhi. Ndipo gawo 356 limalola boma lalikulu kuchotsa boma la chigawo n'kuchilamulira lokha.

Kuti mphamvuzi si zongolembedwa chabe zinaonekera mu Ogasiti 2019, pamene boma la Modi linachotsa ufulu wapadera wa Jammu ndi Kashmir, n'kuchidula chigawocho kukhala madera awiri olamulidwa ndi Delhi. Panthawiyo chinalibe boma losankhidwa, atsogoleri ake anatsekeredwa, intaneti inadulidwa. Khothi lalikulu linavomereza zimenezi mu Disembala 2023, ngakhale linalamula kuti chisankho chichitike, ndipo chinachitikadi mu 2024.

Malire a zigawo anawalemba motsatira chiyani?

Makamaka chilankhulo, ndipo zinatengera imfa ya munthu. Nduna yaikulu Jawaharlal Nehru sankafuna zimenezi, poopa kuti chilankhulo chilichonse chidzasanduka dziko. Koma mu Disembala 1952 Potti Sriramulu anamwalira atadzimana chakudya masiku 58 pofuna chigawo cha olankhula Chitelugu. Zipolowe zinabuka, ndipo mu 1953 chigawo cha Andhra chinabadwa. Mu 1956 mapu a dziko lonse anakonzedwanso. Bombay inagawidwa mu 1960 kukhala Maharashtra ndi Gujarat, Haryana inatuluka mu Punjab mu 1966, zigawo zitatu zinabadwa mu 2000, ndipo chomaliza ndi Telangana, mu 2014.

Kodi kugawa dziko motsatira zilankhulo sikunalimbikitse tsankho?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake limaoneka bwino tikayang'ana maiko oyandikana nawo. Chaka chomwecho cha 1956, Sri Lanka anakhazikitsa Chisinhala kukhala chilankhulo chokha cha boma, ndipo mkwiyo wa Atamil unakula mpaka unadzafika pa nkhondo yapachiweniweni. Pakistan anayesa kukakamiza Chiurdu pa olankhula Chibengali, ndipo chilonda chimenecho chinali chimodzi mwa zimene zinabala Bangladesh mu 1971.

India nayenso anatsala pang'ono kugwera momwemo. Chihindi chinkayenera kutsala chokha ngati chilankhulo cha boma lalikulu kuyambira 1965. Ku Madras, kumene lero ndi Tamil Nadu, ophunzira anaukira, anthu anafa, ndipo Delhi anabwerera m'mbuyo n'kulola Chingelezi kupitiriza pambali pa Chihindi. Chipani cha DMK, chimene zaka zochepa m'mbuyomo chinkafuna kuti kummwera kukhale dziko palokha, chinapambana chisankho cha chigawocho mu 1967, ndipo C.N. Annadurai anakhala nduna yaikulu. Munthu amene wapatsidwa bajeti, apolisi ndi masukulu kuti ayendetse m'chilankhulo chake saonanso chifukwa chopatukira. Ku Mizoram zinachitikanso chimodzimodzi: Laldenga, amene anatsogolera zigawenga zaka 20, anasaina pangano la mtendere mu 1986 n'kukhala nduna yaikulu.

Sikuti paliponse zinatheka. Ku Punjab m'zaka za m'ma 1980 kunakhetsedwa mwazi wambiri, ndipo nduna yaikulu Indira Gandhi anaphedwa mu 1984 chifukwa cha mkangano umenewo. Kashmir sanapezebe mtendere weniweni. Ku Manipur nkhondo ya pakati pa Ameitei ndi Akuki inabuka mu Meyi 2023 n'kusamutsa anthu zikwizikwi. Koma ndikayang'ana malo amenewa ndimaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza: mavuto anakula kwambiri kumene Delhi ankachotsa maboma osankhidwa, kusokoneza zisankho kapena kuchedwa kumvetsera.

Ngati malamulo amakondera Delhi, mphamvu za zigawo zimachokera kuti?

Ku bokosi la mavoti. Zaka 20 zoyambirira chipani cha Congress chinkalamulira ku Delhi ndi m'zigawo pafupifupi zonse, moti mkangano wa chigawo ndi likulu unkathera m'chipinda cha chipani. Mu 1967 Congress inataya zigawo zambiri nthawi imodzi, ndipo kuchokera apo zipani za m'zigawo zinayamba kukula mphamvu: DMK ndi AIADMK ku Tamil Nadu, Akali Dal ku Punjab, Telugu Desam imene N.T. Rama Rao anaiyambitsa mu 1982 n'kupambana nayo pasanathe chaka, Samajwadi ndi BSP ku Uttar Pradesh, Trinamool Congress ya Mamata Banerjee ku West Bengal. Zina zinakula chifukwa cha chilankhulo, zina chifukwa cha caste, dongosolo lakale lija limene limaika munthu pamwamba kapena pansi malinga ndi banja lomwe wabadwiramo. Mayawati, mayi wa gulu la Dalit limene linkanyozedwa ngati losakhudzika, anakhala nduna yaikulu ya Uttar Pradesh kanayi.

Kuyambira 1989 mpaka 2014 palibe chipani chimene chinapeza chokha mipando yoposa theka pa chisankho cha Lok Sabha. Boma lililonse linkadalira atsogoleri a m'zigawo, ndipo mu 1996 H.D. Deve Gowda anachoka pa mpando wa nduna yaikulu ya Karnataka n'kukakhala nduna yaikulu ya dziko lonse. Malamulo anali omwewo a mu 1950, koma Delhi ankalankhula ndi zigawo mwaulemu chifukwa ankazifuna.

BJP, chipani cha Modi, itapeza mipando 282 mu 2014 ndi 303 mu 2019, mawu a Delhi anasinthanso. Kenako mu 2024 inatsikira pa 240, ndipo boma linaima chifukwa cha aphungu 16 a Chandrababu Naidu wa ku Andhra Pradesh ndi aphungu 12 a Nitish Kumar wa ku Bihar. Bajeti yotsatira inakumbukira zigawo ziwirizo mowolowa manja.

Gawo 356 lija likugwirabe ntchito?

Likugwira, koma linamangidwa manja. Ambedkar ankayembekeza kuti silidzagwiritsidwa ntchito. Lagwiritsidwa ntchito nthawi zoposa 100. Mu 1959 boma la Nehru linachotsa boma la chikomyunizimu la E.M.S. Namboodiripad ku Kerala, limene anthu analisankha mu 1957. Mu 1977 chipani cha Janata chitalowa m'boma chinachotsa maboma 9 a Congress, ndipo Indira Gandhi atabwerera mu 1980 anabwezera pochotsa maboma 9 a adani ake.

Amene anasintha zinthu ndi S.R. Bommai, nduna yaikulu ya Karnataka yomwe inachotsedwa mu 1989 osapatsidwa mwayi woonetsa kuti aphungu akadali kumbali yake. Anapita kukhothi, ndipo mu 1994 khothi lalikulu linagamula kuti boma likhala kapena ligwa malinga ndi voti ya m'nyumba ya malamulo, osati maganizo a bwanamkubwa, ndiponso kuti khothi lingathe kubwezeretsa boma lochotsedwa popanda chifukwa chomveka. Chigamulocho chinabwera m'nyengo ya maboma amgwirizano, pamene zipani za m'zigawo sizikanalola kuti anzawo azichotsedwa chisawawa. Khothi ndi ndale zinakokera mbali imodzi.

Koma maboma amgwirizano si ofooka?

Ena anali ofooka zedi. Boma loyamba la Atal Bihari Vajpayee mu 1996 linakhala masiku 13. Lachiwiri linagwa mu 1999 ndi voti imodzi yokha, 269 kwa 270, Jayalalithaa wa AIADMK atachotsa aphungu ake. Pakati pa 1989 ndi 1999 dziko linavota kasanu.

Komabe taonani zimene zinachitika m'nyengo yomweyo. Boma la P.V. Narasimha Rao, lomwe linayamba lilibe aphungu okwanira theka, ndilo linatsegula chuma mu 1991, Manmohan Singh ali nduna ya zachuma. Vajpayee anatsogolera mgwirizano wa zipani zambiri pafupifupi zaka zisanu kuyambira 1999. Boma lamgwirizano la Manmohan Singh mu 2005 linapanga lamulo lopatsa nzika ufulu wofunsa zimene boma likuchita ndi lamulo lotsimikizira banja lakumudzi ntchito yolipidwa masiku 100 pachaka. Kumbali inayo, boma limene linaimitsa ufulu wa anthu ndi kumanga otsutsa kuyambira 1975 mpaka 1977 linali la chipani chimodzi champhamvu. Kuthetsa mwadzidzidzi ndalama za 500 ndi 1,000 rupee mu Novembala 2016 kunachitika pansi pa boma losafunika kufunsa aliyense. Malamulo atatu a zaulimi a mu 2020 anadutsa mothamanga, ngakhale ulimi uli pa mndandanda wa zigawo. Akali Dal inatuluka m'boma, alimi a ku Punjab ndi Haryana anagona m'misewu yolowera ku Delhi chaka chathunthu, ndipo mu 2021 malamulowo anachotsedwa. Kufunsana kumachedwetsa zinthu, inde, koma chaka chimene alimi aja anagona pamsewu chinali chachitali kuposa zokambirana zilizonse zimene boma linazipewa.

Chipani chimapeza bwanji mipando yoposa theka ndi mavoti osafika theka?

Chifukwa m'dera lililonse wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, monga timasankhira aphungu kuno kwathu. Mu 2014 BJP inapeza mavoti 31 pa 100 aliwonse koma mipando 282. Chaka chomwecho BSP ya Mayawati inali yachitatu pa kuchuluka kwa mavoti m'dziko lonse koma sinapeze mpando ngakhale umodzi, chifukwa mavoti ake anali omwazikana. Congress ya Nehru nayonso sinafikepo theka la mavoti. N'chifukwa chake ntchito yaikulu chisankho chisanafike ndi kugawana madera: zipani zogwirizana zimamvana kuti m'dera lakuti aimire mmodzi yekha. Ku Uttar Pradesh mu 2024 Samajwadi ndi Congress zitachita zimenezi, Samajwadi inapeza mipando 37 mwa 80, kuposa BJP.

Mipando 84 inasungidwira a magulu a Dalit ndipo 47 a mafuko a Adivasi. M'madera amenewo aliyense amavota, koma opikisana amachokera m'magulu amenewo okha.

Kodi munthu amavotera chipani chomwecho pa zisankho zonse?

Ambiri satero. Anthu a mumzinda wa Delhi anapatsa BJP mipando yonse 7 ya Lok Sabha mu 2014, kenako mu 2015 anapatsa AAP ya Arvind Kejriwal mipando 67 mwa 70 ya nyumba yawo. Mu 2019 anabwereza 7 kwa BJP, mu 2020 anapatsa AAP 62. Wovota ameneyu amadziwa kuti funso la malire ndi Pakistan n'losiyana ndi funso la madzi, magetsi ndi sukulu ya mwana wake.

Phungu akasintha chipani zimatha bwanji?

Mu 1967 phungu wina wa ku Haryana, Gaya Lal, anasintha chipani katatu m'nthawi yochepa kwambiri, ndipo mpaka lero dzina lake limatchulidwa akamanena za aphungu oyendayenda. Mu 1985 anapanga lamulo loti wosiya chipani chake, kapena wovota mosemphana ndi lamulo la chipani, ataye mpando. Mu 2003 analilimbitsa: gulu lingapulumuke pokhapokha ngati lili ndi aphungu awiri mwa atatu aliwonse a chipanicho n'kuphatikizana ndi china.

Andale anapeza njira zolambalala. Ina ndi kutula pansi udindo: aphungu okwanira akachoka, chiwerengero cha nyumba chimatsika, boma limagwa, iwo n'kudzaimanso pa tikiti ya chipani chatsopano. Boma la Karnataka linagwa motero mu 2019, ndipo la Kamal Nath ku Madhya Pradesh mu 2020, aphungu 22 atachoka ndi Jyotiraditya Scindia. Ina ndi kunyamula chipani chonse. Mu Juni 2022 Eknath Shinde anatenga aphungu ambiri a Shiv Sena n'kukawasunga m'mahotela ku Surat kenako ku Guwahati, kutali ndi Mumbai kumene akanatha kunyengereredwa. Uddhav Thackeray, mtsogoleri wa chipanicho amenenso anali nduna yaikulu ya Maharashtra, anatula pansi udindo, ndipo mu 2023 bungwe loyendetsa chisankho linapatsa gulu la Shinde dzina la chipani ndi chizindikiro chake cha uta ndi muvi, chipani chimene bambo ake a Uddhav anayambitsa.

Bowo lalikulu ndi loti woweruza mlanduwo ndi Sipikala, amene kawirikawiri ndi wa mbali yopindula, ndipo angathe kuukhalira mpaka nyumba itatha. Mmalawi amene akukumbukira za gawo 65, Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 ndi kukopa aphungu kupita ku DPP, sadabwa nazo. Choipa china cha lamulo la ku India n'choti linatseka pakamwa phungu woona mtima, amene sangavote motsutsana ndi atsogoleri ake ngakhale anthu a kwawo atamutuma.

Ndalama amagawana bwanji?

Apa ndi pamene pali nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Misonkho ikuluikulu imatoleredwa ndi Delhi, koma pafupifupi magawo atatu mwa asanu a ndalama zimene maboma amagwiritsa ntchito zimadutsa m'manja mwa zigawo. Zaka zisanu zilizonse komishoni ya zachuma imakhala pansi n'kunena gawo limene zigawo zilandire ndi mmene zigawane. Mu 2015 gawolo linakwera kuchoka pa 32 kufika pa 42 pa 100 aliwonse, kenako linatsika n'kukhala 41. Koma pali misonkho ina yoonjezera, monga ya pa mafuta a galimoto, imene Delhi sagawana ndi aliyense, ndipo zigawo zimadandaula kuti imeneyo ndiyo yakhala ikukula.

Mu Julayi 2017 zigawo zinapereka mphamvu zawo zambiri zokhometsa msonkho pa malonda kuti pakhale msonkho umodzi wa GST. M'khonsolo yake Delhi ali ndi gawo limodzi mwa atatu la mavoti, zigawo zonse magawo awiri, ndipo chigamulo chimafuna magawo atatu mwa anayi. Delhi sangachite kanthu yekha, koma zigawo zonse 28 zitagwirizana sizingachitenso kanthu iye atakana.

Kagawidweko kamathandiza zigawo zosauka monga Bihar ndi Uttar Pradesh, ndipo n'koyenera kutero. Koma zigawo zolemera za kummwera zimati zikupereka zambiri n'kulandira zochepa. Mu Febuluwale 2024 nduna zazikulu za Karnataka ndi Kerala, Siddaramaiah ndi Pinarayi Vijayan, zinapita kukachita zionetsero ku Delhi, wina lero wina mawa lake.

Bwanamkubwa ntchito yake n'chiyani?

Pa pepala, kusaina mabilu ndi kuitana wopambana kuti apange boma. M'zigawo zolamulidwa ndi otsutsa, ambiri asanduka chopinga. Ku Tamil Nadu, R.N. Ravi anakhalira mabilu 10 amene nyumba inali itadutsitsa. Mu Epulo 2025 khothi lalikulu linati zimenezo n'zosemphana ndi malamulo ndipo linaika malire a nthawi. Mu Novembala chaka chomwecho oweruza asanu anati khothi silingaike masiku enieni, ngakhale bwanamkubwa saloledwa kukhalira bilu mpaka kalekale. Otsutsa amadandaulanso za mabungwe ofufuza milandu a boma lalikulu: Hemant Soren wa ku Jharkhand anamangidwa mu Januwale 2024 ndipo Kejriwal mu Malichi, chisankho chili pakhomo.

Chisankho cha anthu ochuluka chonchi chimatheka bwanji, ndipo n'chodalirika?

Mu 2024 olembetsa anali pafupifupi 968 miliyoni, ndipo awiri mwa atatu aliwonse anavota. Kuvota kunachitika m'magawo 7, kuyambira pa 19 Epulo mpaka pa 1 Juni, kuti achitetezo ndi ogwira ntchito azisuntha kuchoka uku kupita uko, ndipo mavoti onse anawerengedwa pa 4 Juni. Bungwe loyendetsa chisankho limayesetsa kuti wovota asayende mtunda woposa makilomita awiri, moti m'nkhalango ya Gir ku Gujarat amakhazikitsa malo ovotera a munthu mmodzi. Chipani chilichonse chili ndi chizindikiro, duwa la lotus la BJP, dzanja la Congress, njinga, njovu, tsache, mwambo umene unayamba pa chisankho choyamba cha 1951 mpaka 1952 pamene ovota ambiri sankadziwa kuwerenga. Kuyambira 2004 dziko lonse limavota pa makina, amene tsopano amatulutsanso kapepala koonetsa wovota amene wamusankha.

Umboni waukulu wa kudalirika kwake ndi woti olamula amagonja n'kuchoka: Indira Gandhi mu 1977, Vajpayee mu 2004, Congress mu 2014. Nkhawa zenizeni zili kwina. Kuyambira 2018 makampani ankapereka ndalama ku zipani mobisa kudzera m'zikalata za kubanki, ndipo BJP ndiyo inalandira zambiri, mpaka khothi lalikulu linathetsa njirayo mu Febuluwale 2024. Mu Malichi 2023 khothi linati makomishonala a chisankho azisankhidwa ndi nduna yaikulu, mtsogoleri wa otsutsa ndi mkulu wa oweruza. Pofika Disembala Nyumba ya Malamulo inachotsapo mkulu wa oweruza n'kuikapo nduna ya boma, ndiye kuti boma lili ndi mawu awiri mwa atatu. Ulemu umene bungweli linapeza m'nthawi ya T.N. Seshan, pakati pa 1990 ndi 1996, ndi chuma chimene chingathe kutha.

Bwanji osangovota tsiku limodzi dziko lonse?

Ankatero mpaka 1967, maboma asanayambe kugwa pa nthawi zosiyana. Boma la Modi likufuna kubwezeretsa zimenezo. Komiti ya Ram Nath Kovind, pulezidenti wakale, inavomereza mu Malichi 2024, ndipo bilu inafika ku Nyumba ya Malamulo mu Disembala. Ochirikiza amati zichepetsa ndalama ndi kampeni yosatha. Kuno kwathu timasankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi kuyambira 2014, ndipo tonse tikudziwa kuti amene amamveka pa kampeni si khansala. Zipani za m'zigawo zikuopa zomwezo. Ine ndili kumbali yawo, chifukwa chisankho cha chigawo chobwera pakati pa zaka zisanu ndicho chimakumbutsa Delhi kuti anthu akuona.

Kodi amene amafuna feduro ku Malawi angatengepo India ngati chitsanzo?

Mosamala. Kukula kwa maiko awiriwa n'kosayerekezeka, ndipo zigawo za ku India zili ndi misonkho ndi chuma chimene zigawo zathu zilibe. Chimene chingathandize mkangano wathu, umene unakolera pambuyo pa chisankho cha 2014, ndi mafunso amene India anakakamizika kuwayankha mmodzimmodzi: ndani agawe ndalama ndipo ndi muyeso wanji, ndani alamulire apolisi, ndani angachotse boma la chigawo, ndipo ochepa a m'chigawo cha anzawo atetezedwe bwanji.

Mkangano waukulu umene uli patsogolo ndi uti?

Kugawanso mipando ya Lok Sabha. Chiwerengero cha mipando ya chigawo chilichonse chinachokera pa kalembera wa 1971. Mu 1976 anachiimitsa kuti zigawo zimene zikulimbikitsa kulera zisalangidwe potaya aphungu, ndipo mu 2001 anawonjezera nthawiyo mpaka kalembera woyamba wochitika 2026 itadutsa. Kalembera wa 2021 sanachitike, ndipo boma linalengeza kuti atha mu 2027.

M'zaka 50 zimenezi kumpoto kwachulukana kwambiri kuposa kummwera. Pa kalembera wa 2011 Tamil Nadu ndi Madhya Pradesh zinali ndi anthu pafupifupi 72 miliyoni chilichonse, koma Tamil Nadu ili ndi mipando 39 ndipo Madhya Pradesh 29. Bihar, ya anthu 104 miliyoni, ili ndi 40. Wa ku Bihar akanena kuti voti yake ndi yopepuka kuposa ya mnzake wa ku Tamil Nadu, akunena zoona. Wa ku Kerala akanena kuti anaphunzitsa atsikana, anachepetsa imfa za ana, mabanja n'kuchepa monga boma linapempha, ndipo tsopano akulipidwa ndi kuchepa kwa mawu ake, nayenso akunena zoona. Zigawo zisanu za kummwera zili ndi mipando 129 mwa 543, ndipo mantha awo ndi oti lidzafika tsiku limene chipani chidzalamulira dziko ndi mavoti a olankhula Chihindi okha, osasowa wina aliyense. Mu Malichi 2025 M.K. Stalin, ali nduna yaikulu ya Tamil Nadu, anaitanira atsogoleri a zigawo zingapo ku Chennai kukakambirana zimenezi, ndipo anapempha kuti kuimitsako kupitirire zaka zina 25.

Nyumba yatsopano ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2023 ili ndi malo okhala aphungu 888, ndipo lamulo la mu 2023 losungira amayi gawo limodzi mwa atatu la mipando linamangiriridwa ku kugawanso komweku. Njira zilipo zingapo: kuwonjezera mipando kuti pasakhale chigawo chotaya phungu, kusunga gawo la chigawo chilichonse monga lilili, kapena kupatsa zigawo zing'onozing'ono mawu okulirapo mu Rajya Sabha. Iliyonse mwa njirazi imafuna kusintha malamulo oyendetsera dziko, ndipo kutero kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse ovota m'nyumba zonse ziwiri, komanso, pa nkhani yokhudza kuimiridwa kwa zigawo, chivomerezo cha theka la zigawozo.